Patha miyezi 14 chikonzetsereni nyumba: koteshoni ija inali yabwino kapena ndinadyedwa?

Dzulo usiku mnzanga wa kuntchito wanditumizira chithunzi cha koteshoni pa WhatsApp, pepala limodzi, mizere inayi yokha, pansi pake nambala yaikulu yozunguliridwa ndi bolopeni, ndiye akuti "asisi tandionereni, akundibera kapena zili bwino?" Ndinaseka ndekha chifukwa dzulo lomwelo m'mawa ndinali nditangolipira anthu omwe aphwanya ndi kumanganso bafa lomwe ndinakonzetsa miyezi 14 yapitayo. Ndiye ndati bola ndilembe zonse kamodzi, ndisamafotokozere munthu aliyense payekha.

Ntchito yake inali bafa, khitchini, siling'i ya zipinda ziwiri, mawaya a kukhitchini ndi penti mkati monse. Nyumba ndi yakale. Ndinatenga makoteshoni atatu monga aliyense amalangizira. Ndalama zenizeni sinditchula chifukwa mitengo yasintha kale, koma tingoyerekeza kuti yodula kwambiri ija inali 100. Yapakati inali 75, yotchipa 55. Ine ndinatenga yapakati ndipo ndinkadziona wochenjera zedi, ndimvekere wotchipayu adzandiliza, wodulayu akufuna amangire nyumba yake pamsana panga, wapakatiyu ndiye munthu. Pano ndikaganiza ndimaona kuti sindinayeze kalikonse, ndinangoyang'ana manambala atatu a pansi n'kuloza lapakati.

Zomwe zili bwino ndinene, ndisawalakwire a bildawo. Siling'i ili gwa, palibe mng'alu. Makabati a kukhitchini zitseko zikutsekeka bwinobwino mpaka lero. Magetsi anachita zolongosoka, waya wa 2.5 ku masoketi, 1.5 ku mababu, kuka ili ndi waya wake wonenepa ndi bureka yakeyake, sinagwepo ndi kamodzi komwe. Penti wa pabalaza akuoneka ngati wa dzulo.

Bafa ndiye eeh.

Mwezi wachisanu ndinayamba kumva kafungo mu wadirobu ya kuchipinda chomwe chinagundana ndi shawa. Ndinkaganiza kuti ndi nsapato za bambo akunyumba, mpaka tinakanganapo pang'ono. Tsiku lina ndikusuntha wadirobuyo ndinapeza penti watupa matuza m'munsi mwa khoma, ndipo pakhomapo pali ufa woyera ngati mchere, ukapukuta mawa wabweranso. Nsapato ziwiri zachikopa zitachita chuku. Ndinawaimbira a bilda, anayankha msanga ndithu, akuti "mayi musadandaule, ndi chinyezi cha nyengo chimenecho, muzitsegula mawindo." Ndinatsegula mawindo milungu iwiri mpaka ana kudwala chimfine. Kenako anabwera ndi mnyamata, anapala khoma, anapakanso penti, kwaulere, ine mtima m'malo ndimvekere koma awa ndi anthu abwino. Milungu itatu matuza abwerera, ulendo uno akwera mpaka m'bondo.

Ulendo wachiwiri anati ndi grout wa pakati pa matailosi, anakanda n'kuika wina, m'makona anathira silikoni. Zinakhala ngati zachepa mwezi umodzi kenako zomwezo. Ulendo wachitatu anati ndiye kuti ndi paipi yakale ya m'khoma yomwe iwo sanaikhudze, si mbali ya ntchito yawo. Apa ndi pomwe ndinapsa mtima n'kuitana pulambala wina woti sadziwana nawo. Bamboyu sanalankhule zambiri. Anatseka mipope yonse m'nyumba, analemba nambala ya pa mita ya madzi, anati tidikire maola angapo. Mita sinasunthe. Ndiye paipi yobweretsa madzi ilibe mlandu. Kenako anatseka chibowo chotulukira madzi mu shawa, anadzaza madzi pansi okwana ngati zala zitatu, analemba mzere ndi pensulo n'kupita. M'mawa madzi atsika pansi pa mzere, khoma la kuchipinda lanyowa chonyowa. Anagogoda matailosi ndi kandalama kachitsulo, ena akumveka phwaphwa ngati ng'oma yong'ambika, anatukula limodzi.

Pansi pake panalibe waterproofing, mankhwala opaka otchinga madzi, ngakhale kadontho. Tailosi analimata ndi timibulu tisanu ta simenti, m'makona anayi ndi pakati, kwina konseko mphako yodzadza madzi akuda onunkha. Komanso pansi sanapatsetserekese bwino, madzi m'malo mothamangira ku chibowo ankakakhala pakona yogundana ndi chipinda chija. Paja amati madzi saiwala khwawa, miyezi yonseyo ankangotsata njira yawo ife tili kalikiliki kupaka penti pamwamba.

Ine sindinkadziwa kuti matailosi ndi grout sizitchinga madzi. Ndinkaona ngati ukaika tailosi basi wamaliza. Pulambala uja ndi amene anandifotokozera kuti grout amamwa madzi pang'onopang'ono, chotchinga chenicheni ndi mankhwala opaka aja a pansi pa matailosi, amapaka kawiri, pansi ponse ndi kukwera m'makoma a shawa, m'makona momwe khoma lakumana ndi pansi amaikamo kansalu kake kuti pasang'ambike, akauma amadzaza madzi tsiku lathunthu kapena kuposa kuona ngati akutsika, ndiye pambuyo pake matailosi. Pansi payenera kutsetsereka pafupifupi sentimita imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse kulowera ku chibowo. Ndipo guluu wa matailosi amayala ndi chopakira cha mano kuti tailosi ligwire ponseponse, osati timibulu tija. Zonsezi ndi masiku owonjezera ndi ndalama zowonjezera zomwe ukalowa m'bafa lomalizidwa sungazione ndi maso.

Usiku umenewo ndinakafukula fayilo ya makoteshoni atatu aja. Yodula ija inali masamba atatu, ndipo ndikukumbuka kuti nthawi imeneyo inanditopetsa kuwerenga. Pa bafa pokha panali mizere yoposa khumi: kuphwanya zakale, kuchotsa zigumukire pamalo, kukonza pansi kuti patsetsereke, waterproofing kawiri masikweya mita akutiakuti, kuyesa ndi madzi, matailosi kuphatikizapo 10 peresenti ya oduka ndi osweka, guluu matumba angati, grout, leba payokha. Pansi penipeni analemba kuti ndidzasunge 5 peresenti ya ndalama yonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndidzawapatse ngati palibe chavuta. Ya a bilda anga pa bafa panali mzere umodzi: "bafa, kuphwanya, matailosi, shawa, leba" ndi nambala. Basi.

Nditawaonetsa zithunzi za pansi pa tailosi lija sanakane. Anangoti "mayi, inu munalipira zomwe zinalembedwa, waterproofing mukanaifuna mukananena tikanaiika pa mtengo." Zinandiwawa kwambiri chifukwa mbali ina akunena zoona, papepala palibe. Koma mbali inanso ine ndine wa mu ofesi, iwo ndi amene amamanga mabafa chaka ndi chaka, ndikanafunsa bwanji chinthu choti sindikuchidziwa? Munthu wodziwa ntchito akakhala chete pa chinthu chofunika chonchi kuti mtengo wake uoneke wotsika, ine ndimati pamenepo pali kachinyengo ngakhale asananame liwu limodzi. Za timibulu ta simenti zija ndiye analibe poyankha, anangoti mnyamata amene anaika matailosi anamuchotsa kale ntchito.

Tiwerengere limodzi tsono. Ndinayamba ndi 75. Ntchito ili mkati kunabwera nyimbo ya "izi sizinali mu koteshoni": galimoto yochotsa zigumukire, andakoti chifukwa akuti penti amene analemba ndi wapamwamba yekha, masikating'i a m'munsi mwa makoma, matailosi owonjezera chifukwa anawerengera ndendende osaganizira oduka, ndipo titapita kukagula ena mtundu womwewo unasiyana pang'ono kawalidwe, ukayang'anitsitsa pafupi ndi chitseko umaona. Zonsezo zinakwana ngati 14. Tafika 89. Kuphwanya ndi kumanganso shawa, kupala pulasitala wovunda kuchipinda, matailosi atsopano, penti, thabwa la kumbuyo kwa wadirobu, ndi 18 ina. Ndiye 107, pa ntchito yomwe munthu wina anandiuza poyera kuti ndi 100. Osawerengera nsapato ndi milungu itatu yosambira m'beseni.

Koma musaganize kuti ndikunena kuti wodula ndiye wolungama nthawi zonse ayi. Mkwiyo utatsika ndinatenga tepi n'kuyeza makoma onse ndekha, kutalika kuchulukitsa ndi msinkhu, kuchotsapo zitseko ndi mawindo. Pa chitini cha penti amalemba kuti lita imodzi imakwana masikweya mita angati, wambiri wa m'nyumba amakhala cha m'ma 10 kapena 12 pa kupaka kamodzi ngati khoma ndi losalala, pulasitala watsopano amamwa kuposa pamenepo. Nditawerengera ndinapeza kuti wodula uja anaika malita ochuluka pafupifupi kawiri kuposa ofunika, ngakhale kupaka katatu. Ndiye nayenso anali ndi pake podyera. Kusiyana kwake n'kwakuti iyeyo ndikanatha kumugwira, chifukwa analemba malita ndi masikweya mita, ndikanakhala naye pansi n'kunena kuti bambo apa tatsitsani. Pa mzere umodzi wa a bilda anga ukanatsutsa chiyani? Palibe chogwira.

Chinanso chomwe sindinachione nthawi ija ndi masiku. Wodula analemba milungu isanu ndi umodzi, anga anati itatu ndipo ine ndinakondwera kuti fumbi lichoka msanga. Koma pulasitala amafuna kuthiriridwa madzi pafupifupi sabata kuti alimbe, kenako aume milungu ingapo asanapakidwe penti, waterproofing nayo imafuna iume kaye kenako iyesedwe. Munthu akakulonjeza theka la nthawi, masiku amenewo wawachotsa penapake. Leba ukaiona yotsika modabwitsa ingofunsa kuti abwera anthu angati kwa masiku angati, ugawe wekha, uone ngati mmisiri weniweni angavomere ndalama imeneyo pa tsiku. Ngati sangavomere ndiye kuti adzakuikira matailosi ndi mnyamata wophunzira, ngati wanga uja.

Pomwe ndinadzipweteka ndekha kwambiri ndi pa kalipiridwe. Dipoziti ndinapereka 60 peresenti ntchito isanayambe, akuti ya zipangizo, malisiti sindinawaone ndipo sindinafunse, manyazi. Yotsala ndinamaliza tsiku lomwe anasesa n'kunyamula makwerero awo, mpaka ndinawonjezerapo kangachepe kothokoza. Ndiye pomwe khoma linayamba kutupa ndinalibe chowakokera, ndinkangodalira ulemu wawo. Ndikanasunga ngakhale 5 peresenti ija bwenzi tikulankhula chilankhulo china.

Masiku ena ndikalowa kukhitchini ndimati ayi munthuyu si wakuba, ntchito amaidziwa, mitengo ya zipangizo zomwe anatchula nditafunsa ku hadiweya inali yoona ndithu, foni amayankha, ndipo pophwanya shawa ulendo uno anatumiza mnyamata wake masiku awiri osandilipiritsa. Masiku ena ndikaona lisiti la dzulo ndimafuna kulira. Mtengo wawo pa zomwe analemba unali wabwino, vuto ndi zomwe sanalembe, ndipo zimenezo ndalipira kawiri.

Mnzanga uja ndamuyankha kuti nambala yake yozunguliridwa ndi bolopeniyo sindingaiweruze, ngakhale mmisiri sangaiweruze, chifukwa siikunena kuti akugula chiyani. Ndamuuza alembe yekha mndandanda umodzi wa ntchito, chipinda ndi chipinda ndi miyeso yake, apereke womwewo kwa onse atatu, apo ayi akhala akufanizira zinthu zosafanana ngati ine. Awauze kuti zipangizo zikhale pazokha ndi kuchuluka kwake ndi mtundu wake, leba payokha, alembenso zomwe sizili mu mtengo, komanso kuti mtengowo ugwira ntchito mpaka liti poti simenti ndi penti sizidikira munthu. Zowonjezera zilizonse azigwirizana polemba asanazichite, olo pa meseji. Ndalama azipereka ntchito ikafika pomwe anagwirizana, ndipo pambali asungeko 10 kapena 15 peresenti yake chifukwa nyumba yakale ukangoboola khoma umapezamo zomwe palibe anaziyembekezera. Iye akuti "koma asisi sakhumudwa ndikafunsa zonsezi?" Ndamuuza kuti safunsa anadya phula, ine ndi amene ndadya, ndipo bilda wokhumudwa ndi mafunso amenewa bola akhumudwe pano asanagwire dipoziti.

Anthu atsopanowa ndawasungira 10 peresenti mpaka miyezi isanu ndi umodzi, tinalemba ndi kusainirana, ndipo madzi oyesera aja ndinawaona ndi maso anga atakhala masiku awiri osatsika pa mzere wa pensulo. A bilda akale aja analonjeza kuti abweza theka la ndalama ya matailosi mwezi ukatha. Mwezi unatha Lachisanu. Ndawalembera m'mawa uno kuti "bambo, mwadzuka bwanji, paja za matailosi zija", matiki awiri abuluu aoneka, mpaka pano zii.