Nthano za agogo kapena za m'buku: ana tiwapatse ziti madzulo?

Kuno ku Kasungu magetsi akangothima, ana amayamba kuvutitsa kuti akufuna nthano. Mungathe kuwasimbira zapamtima zimene munamva kwa agogo, kapena kuwawerengera za m'buku, monga za Aesop wa ku Greece, zomwe zakhala zikusimbidwa kwa zaka pafupifupi 2,500.

Mtengo: za agogo n'zaulere, bola pakhale moto ndi chimanga chokazinga. Za m'buku zimafuna ndalama ya buku kapena bandulo, komanso tochi.

Kukoma kwake: apa za agogo zilibe mnzake. Mukati "Padangokhala," ana onse avomere "Tili tonse," ndipo pakati pamabwera nyimbo yoti aliyense ayimbe. Amene wayamba kusinza amadziwika msanga, poti mawu ake asowa. Pa buku wolankhula amakhala mmodzi, enawo angokhala chete.

Nkhani yake: konse kuwiri Kalulu amakumana ndi Fulu. Kwa Aesop, Kalulu amagona panjira n'kugonja pa mpikisano wothamanga. Kwathu kuno amakana kukumba nawo chitsime, napusitsa alonda mmodzimmodzi mpaka Fulu amugwira. Ine Kalulu wa kwathuyu ndiye amandisangalatsa, ndi tambwali weniweni.

Kukhalitsa: buku lapambana, chiswe chokha ndiye mdani wake. Nthano ina ya malemu agogo anga ndimangokumbuka nyimbo yake, mathero ndinaiwala, wofunsa palibe.

Ana ang'onoang'ono, makamaka akakhala gulu, asimbireni zapamtima. Mwana wa Sitandade 4 kupita m'tsogolo, amene akuphunzira kuwerenga yekha, mpatseni buku.