Mabuku ndi abwino, koma ndandanda yake imathamanga kuposa mwana

Phukusi ili la mabuku ophunzitsira ana mbiri ya dziko lonse pakhomo ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndachotsa chifukwa cha ndandanda ya masabata, yomwe ingalefule kholo limene langoyamba kumene kuphunzitsa ana pakhomo.

M'phukusimu muli buku la nkhani loti kholo liziwerengera ana, buku la mafunso ndi zochita, mapu opanda mayina ndi zithunzi zochekenira. Ndinagula la chaka choyamba, loyambira pa anthu osamukasamuka osaka nyama n'kukathera pa kugwa kwa Rome mu 476 AD. Mabuku onse alipo anayi, ndipo cholinga chake n'choti mwana adutse mbiri ya dziko lonse m'zaka zinayi, kenako adzaibwereze akamakula. Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka 7, mng'ono wake 5.

Pa kalembedwe ndilibe dandaulo. Nkhani zake zimamveka ngati nthano, ziganizo n'zazifupi, ndipo sindisowa kumasulira mawu aliwonse ndikamawerenga mokweza.

Koma ndandanda ija! Imagawa buku lonse m'masabata 36, pamene mitu ndi yoposa pamenepo, ndiye masabata ena amakupatsani mitu iwiri. Papepala zimaoneka zotheka. Mukakhala pansi ndi mwana m'pamene mumaona kuti zaka masauzande angapo sizilowa m'mutu wa mwana wa zaka 7 pa liwiro limenelo. Titafika pa Egypt, ana anga anakana kuchokapo. Ankafuna kumva mobwerezabwereza za mtsinje wa Nile, momwe unkasefukira chaka chilichonse n'kusiya matope akuda achonde m'minda. Atamva kuti piramidi yaikulu ya ku Giza inali yotalika pafupifupi mamita 146, wamkulu anatuluka panja kukayeza ndi mapazi kuti aone kuti mamita amenewo akafika pati. Kenako kunabwera nkhani ya Howard Carter, yemwe anapeza manda a mfumu Tutankhamun mu 1922, ndipo mafunso sanathe. Apo ndandanda inali ikunena kuti tikhale tadutsa kale Babylon. Tinaisiya, ndipo sindidandaula.

Ku Mesopotamia nakonso tinachedwako. Bukuli likuti mupatse mwana dongo ndi kamtengo kosongola kuti alembe ngati anthu akale a ku Sumer, dera la ku Mesopotamia komweko. Ntchitoyi inaikidwa ngati ya mphindi zochepa kumapeto kwa phunziro, koma wamng'ono anathera masana onse akudinda timizere, kufufuta ndi chala, kudindanso, lilime lili panja. Mpaka pano ukamufunsa za Sumer amayankha za dongo. Za malamulo 282 a Hammurabi, mfumu ya Babylon, sakumbukira kanthu, pamene mkulu wake anagwidwa mtima ndi lamulo la diso kulipa diso ndipo ankafuna kudziwa ngati woweruza ankalakwitsako.

Chinthu china chimene olemba sanachiganizire mokwanira ndi zaka za BC. Mwana wangophunzira kumene kuti nambala yaikulu imabwera pambuyo, ndiye mukumuuza kuti 2560 BC ndi kale kwambiri kuposa 776 BC, chaka cha masewera oyamba a Olympic. Wanga anatsutsa mpaka kukwiya. Chomwe chinathandiza ndi chingwe chomwe tinamanga pakhoma, n'kumapanikizapo zithunzi zawo ndi mapegi motsatana. Zaka sindiwaloweza pamtima. Akadziwa kuti mapiramidi anayamba, mfumu Alexander Wamkulu n'kubwera pambuyo, kwa ine zakwana.

Panopa timachita mutu umodzi pa sabata, ndipo ukakoma timaupatsa masabata awiri. Ndimawerenga mphindi 10 kapena 15, kenako mwana amandifotokozera m'mawu akeake zomwe wamva. Njira imeneyi si yanga. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku Britain yemwe anamwalira mu 1923, ankalimbikitsa maphunziro aafupi ndi kuti mwana azibwereza nkhani yekha. Mafunso a m'buku la kholo ndimasankhapo awiri kapena atatu basi, chifukwa mukafunsa onse phunziro limasanduka mayeso. Mitu ina ya nkhondo za Assyria ndinangoidumpha. Popeza buku lomwelo likulonjeza kuti mwana adzakumananso ndi nkhanizi akadzakula, sindikuona chothamangira, ndipo n'zodabwitsa kuti olembawo sananene poyera patsamba loyamba kuti palibe chothamangira.

Ndikadakondanso Africa akadapatsidwa malo ochulukirapo. Kupatula Egypt, ufumu wa Kush, womwe unali komwe lero ndi ku Sudan, angoutchula modutsa, chonsecho mafumu ake analamulirapo Egypt, ndipo ku Sudan kuli mapiramidi ambiri kuposa ku Egypt. Izi ndinachita kuwonjezera ndekha.

Mapepala a mapu ndi opyapyala, amang'ambika mwana akafufuta mwamphamvu. Ngati muli ndi ana awiri, chitani fotokope musanawapatse.

Kwa amene mwana wanu wamkulu sanakwanitse zaka 6, ndingati dikirani kaye, chifukwa wanga wamng'ono amangotolako zochekenira ndi zadongo. Kwa enanu, gulani, koma werengerani kuti buku loyambali lingakutengereni chaka ndi theka. Olembawo angachite bwino kuikamo ndandanda yachiwiri, yoyenda pang'onopang'ono, yosonyezanso mitu yomwe kholo lingadumphe popanda kusokoneza nkhani za kutsogolo.