IMDb, Rotten Tomatoes kapena Letterboxd: filimu mukaonera, maganizo ake mumakawafuna kuti?

Sabata yatha tinakangana ndi mnzanga wina pa filimu yomwe tonse tinali titangoonera kumene. Ine inandigwira mtima mpaka mayina akudutsa kumapeto kuja ndinangokhala duu osadzuka, iye akuti aaa yobowa, ndiye pofuna kunditseka pakamwa anangotulutsa foni nkundionetsa nambala ya pa Rotten Tomatoes, ati ona wekha. Chomwe chinandiwawa nchakuti sananene olo chimodzi chomwe sichinamusangalatse mufilimumo, kaya nkhani yake, kaya osewera, kaya mathero, ayi, nambala basi. Ndiye anzanga okonda mafilimu, tiyeni tiwaike pambalipambali malo atatu a pa intaneti omwe ambirife timathamangirako, chifukwa manambala awo sayeza chinthu chimodzi ngakhale amaoneka ngati ofanana.

Ndiyambe ndi Rotten Tomatoes popeza ndi yomwe anthu amaimva molakwika kwambiri. Inayamba mu 1998, ndipo nambala yake yotchuka ija, Tomatometer, si malikisi a filimu ngati a mayeso ayi. Iwo amatenga ndemanga za akatswiri olemba za mafilimu, iliyonse nkuiponya mbali imodzi, yoyamikira kapena yodzudzula, kenako amawerenga kuti oyamikira ndi angati pa 100 alionse. Akafika 60 peresenti filimu imapatsidwa tomato wofiira uja, akaperewera imapatsidwa chobiriwira chophwanyika chija. Tsono taganizani, akatswiri 100 onse atati "ilibe vuto, ndi yoonereka ndithu" popanda ndi mmodzi yemwe amene yamusuntha mtima, filimu imeneyo ipeza 100 peresenti. Ina yomwe anthu 60 akuti sanaonepo yotere moyo wawo wonse koma 40 yawanyansa, ipeza 60. Ine pa ziwirizi ndingasankhe yachiwiriyo tsiku lililonse, chifukwa filimu yogawanitsa anthu choncho nthawi zambiri ndiye kuti yayesa chinachake chachilendo, pomwe yoyambayo mwina yangopewa kukhumudwitsa aliyense.

Pambali pa tomatoyo pali nambala ina ya anthu wamba oonera, ndipo nthawi zina ziwirizi zimatalikirana zedi. Star Wars: The Last Jedi ya 2017 akatswiri anaipatsa 91 peresenti koma kwa oonera inagwera pansi pa 50. The Super Mario Bros. Movie ya 2023 zinatembenuka, akatswiri anaipatsa 59 peresenti, oonera kupitirira 90, ndipo inapanga ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Ndiye munthu akati "pa Rotten Tomatoes akuti ndi yabwino" muzimufunsa kuti akuti ndani, a tomato kapena a mbali inayo. Mu 2019 a Rotten Tomatoes anasinthanso malamulo anthu atayamba kuthira ndemanga zoipa pa Captain Marvel filimuyo isanatuluke nkomwe, anatseka zolemba ndemanga filimu isanayambe kuonetsedwa ndipo anabweretsa njira yotsimikiza kuti wovotayo anaguladi tikiti. Zinathandiza, koma matikiti ake ndi odzera ku Fandango, kampani yogulitsa matikiti a mafilimu ku America yomwe inagula Rotten Tomatoes mu 2016, ndiye mawu omwe akumveka kwambiri pamenepo ndi a anthu oonera ku America.

IMDb ndi nkhalamba pa onsewa. Col Needham wa ku England anaiyamba mu 1990, Amazon inaigula mu 1998, ndipo apa aliyense wokhala ndi akaunti amavota kuyambira 1 mpaka 10. Ubwino wake ndi kuchuluka kwa anthu, mafilimu otchuka amakhala ndi mavoti mamiliyoni, The Shawshank Redemption yakhala pamwamba pa Top 250, mndandanda wawo wa mafilimu 250 ovoteredwa bwino koposa, zaka zambirimbiri ndi 9.3. Nambala yawo si kungophatikiza nkugawa, mavoti ena amalemera kuposa ena ndipo mmene amawerengera sanena, akuti kuti anthu asamabere. Koma vuto ndimaliona ine ndi khalidwe la ovota, ambiri amangodziwa 10 ndi 1, akaikonda 10, wosewera wina akawakwiyitsa 1, pakati palibe. Komanso filimu ikangotuluka oyamba kuvota amakhala omwe amaidikira ndi mtima wonse, ndiye nambala imayamba ili mmwamba nkumatsika pang'onopang'ono miyezi ikamapita. Ngati mukufuna kuikhulupirira, dinani pa nambalayo muone mmene mavoti agawikira, mukaona mulu ku 10 ndi mulu wina ku 1 dziwani kuti pamenepo pali nkhondo, osati kuweruza filimu.

Pomwe IMDb ilibe mnzake ndi pa zina zonse zozungulira filimu. Wosewera uja mwamuona penapake koma dzina lakuthawani, mumupeza mu masekondi. Anajambula ndani, nyimbo anapeka ndani, inajambulidwira kuti, zonse zilipo. Ndipo gawo lija louza makolo ngati muli zachiwawa, zolaula kapena kutukwana landithandiza kangapo ndisanaike filimu pali ana. Koma pocheza sipo, malo okambirana omwe analipo anawatseka mu 2017.

Tsono Letterboxd, apa ndiye mundilole ndichedwepo chifukwa ndi yomwe ndimatsegula usiku ulionse ndikamaliza kuonera. Anaiyambitsa Matthew Buchanan ndi Karl von Randow ku Auckland, New Zealand mu 2011, ndipo maganizo ake ndi osavuta, ili ngati kabuku kako komwe umalembamo kuti lero ndaonera yakuti, waipatsa nyenyezi zingati kuyambira theka mpaka 5, nkulembapo zomwe wamva, kaya mzere umodzi kaya tsamba lonse. Pa akaunti yako umaikapo mafilimu anayi omwe umawakonda koposa, ndipo kungoona anayi amenewo umadziwa kale kuti munthuyu tigwirizana kapena ayi. Ukatsata anthu, pa filimu iliyonse umaona kuti anzako aja anaipatsa zingati ndipo anati chani. Apa ndi pomwe pali kusiyana konse. Nyenyezi zitatu zochokera kwa munthu yemwe ndikudziwa kuti mafilimu oopsa sawakonda zimandiuza zambiri kuposa 7.4 ya pa IMDb ya anthu 200,000 omwe sindikuwadziwa. Pali wina amene ndimamutsata yemwe pafupifupi chilichonse timasemphana, akati yotopetsa, yochedwa, palibe chikuchitika, ine ndimadziwiratu kuti imeneyo ndi yanga. Nambala ya gulu singandichitire zimenezo.

Chinanso, kabuku kaja kamakukumbutsa iwe mwini. Pali filimu ina ndinaipatsa nyenyezi ziwiri, patapita zaka zitatu ndinaibwereza nkuipatsa zinayi ndi theka, ndipo nditawerenga zomwe ndinalemba poyamba ndinaona kuti nthawi imeneyo nkhani ya kutaya kholo ndinali ndisanaimvetse. Filimu inali yomweyo. Zimenezi pa Tomatometer sungazipeze.

Sikuti ilibe zofooka. Ndemanga zomwe zimakwera pamwamba nthawi zambiri zimakhala za nthabwala za mzere umodzi, anthu kufuna ma like, ndiye zolembedwa mofatsa umachita kuzisaka pansi. Anthu ake ambiri ndi achinyamata okonda mafilimu a mtundu winawake, moti filimu yachete ya ku Korea kapena France imakwezedwa pomwe ya zibakera ndi magalimoto yomwe yachita bwino ntchito yake imaponderezedwa. Ndipo ma series ambiri mulibemo, ngati moyo wanu uli pa ma season ndi ma episode, IMDb ikuthandizani kuposa. Koma pali kabokosi kochonga ngati ndemanga yako ikuulula mathero, ikabisika mpaka wowerenga avomere yekha, chonde tizikagwiritsa ntchito kameneka, kuulula mathero a filimu kwa munthu yemwe sanaonere ndi nkhanza.

Ena mufunsa za Metacritic, malo enanso osonkhanitsa ndemanga za akatswiri. Iyo imatenga malikisi enieni a akatswiri nkupeza pakati pa 100, ndiye imayankha funso lija Tomatometer imalilephera, loti anaikonda motani. Kungoti akatswiri ake ndi ochepa ndipo mafilimu ang'onoang'ono ambiri sapezekako.

Mmene ndimachitira ine ndi motere. Ndisanaonere sindiyang'ana nambala iliyonse ngati filimuyo ndaifuna kale, chifukwa nambala ikalowa mmutu umakhala ukuonera uku ukusaka zolakwika zomwe ena anena. Ngati ndikukayika pakati pa mafilimu awiri, ndimaona anzanga a pa Letterboxd kaye, kenako tomato uja kungofuna kudziwa ngati akatswiri onse agwirizana kuti ndi yoipa, chifukwa ikakhala pa 15 peresenti kawirikawiri pamakhaladi vuto. IMDb ndimaitsegula filimu ili mkati kapena itatha, kufufuza mayina. Ndikamaliza ndimalemba zanga ndisanawerenge za wina aliyense, olo mizere iwiri.

Mnzanga uja ndinamukakamiza kuti asiye foni anene yekha chomwe chinamubowa. Anaganiza kanthawi nkunena kuti mphindi 40 zoyambirira palibe yemwe amamumvera chisoni, ndiye pofika pomwe zinthu zinavuta iye anali atatayika kale. Apo ndiye tinayamba kukambirana zenizeni, chifukwa ine mphindi 40 zomwezo ndi zomwe zinandikokera mkati, ndipo tagwirizana kuti tiibwereze limodzi Loweruka likubwerali kuti aliyense aloze pomwe akunenapo.