Bokosi loyezera madzi a m'dziwe: zimene linandiuza nsomba zanga zitayamba kusintha mtundu

Ndinagula bokosi limeneli chifukwa cha nsomba imodzi ya goldfish (nsomba yoweta yokongoletsa dziwe) yamchira wautali, imene kwa zaka zitatu inali yofiirira thupi lonse, koma m'masiku ochepa inayamba kuda m'mphepete mwa zipsepse ndi pamsana ngati kuti wina waipaka mwaye. Pa nthawi yomweyo tiana tiwiri timene tinaswa m'dziwemo tinali kusanduka kuchoka pa mtundu wodera kupita pa wachikasu, ndipo nsomba yaikulu kuposa zonse inali kuyera pang'onopang'ono kuyambira kumimba. Nsomba zinayi kusintha mtundu pakamodzi, maganizo anga anathamangira pa matenda, ndipo ndinatsala pang'ono kuthira mankhwala m'dziwe lonse. Ndinadziletsa pozindikira kuti sindinkadziwa matenda amene ndikufuna kuchiza, choncho ndinayamba ndi madzi.

Bokosilo ndi la mtundu wa madontho, osati wa timapepala toviika. Muli timabotolo ta mankhwala, timachubu tagalasi tinayi tokhala ndi mzere pa mamililita 5, khadi la mitundu yofanizira ndi kabuku ka malangizo. Limayeza zinthu zinayi: pH (muyezo wa asidi m'madzi, umene umatsika asidi akachuluka), amoniya, naitiraiti ndi fosifeti. Munthu amatunga madzi mpaka pamzere, n'kudontheza madontho amene kabukuko kanena, n'kutseka, n'kukhutchumula, kenako n'kudikira mphindi zisanu asanafanizire mtundu wa madziwo ndi khadi. Kuyeza zonse zinayi kumanditengera kotala la ola, ndipo palibe chovuta chimene munthu wodziwa kuwerenga angalephere.

Tsiku loyamba ndinayeza masana. Chubu cha amoniya, chimene chimayenera kukhala chachikasu madzi akakhala abwino, chinasanduka chobiriwira ndipo chinafanana ndi 0.5 pakhadi, cha naitiraiti chinachoka pa buluu n'kuyamba kuoneka pepo, pafupi ndi 0.25, pH inali pa 8 kapena kupitirira pang'ono. M'dziwe lokhazikika amoniya ndi naitiraiti ziyenera kukhala pa 0, choncho apa panali vuto, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Milungu iwiri m'mbuyomo ndinali nditatsuka masiponji onse a m'sefa ndi madzi a pampopi mpaka kuyera mbee, osaganiza kuti klorini amapha mabakiteriya amene amakhala m'masiponjimo. Mabakiteriya amenewa ndi amene amasandutsa amoniya, yemwe nsomba zimatulutsa kudzera m'makha opumira ndi m'ndowe, kukhala naitiraiti, kenako ena n'kusandutsa naitiraiti kukhala naitireti amene sapweteka kwambiri. Ndinapha antchito, n'kuwonjezeranso chakudya poona kuti kwayamba kutentha ndipo nsomba zikudya mosusuka.

Apa ndi pamene bokosilo linasonyeza phindu lake lenileni, chifukwa linamasulira kuda kwa nsomba ija. Amoniya amawotcha khungu, zipsepse ndi makha, ndipo malo amene apsawo nthawi zambiri amada pamene akuchira, popeza timaselo ta mtundu wakuda timasonkhana pamalo ovulala. Kunena kwina, mawanga akudawo sanali matenda opatsirana, anali zipsera za madzi oipa. Ndikanathira mankhwala ophera tizilombo ndikanangowonjezera mavuto, pakuti mankhwala ena otere amapha mabakiteriya otsala m'sefa ndiponso amachepetsa mpweya m'madzi. M'malo mwake ndinasiya kudyetsa kwa masiku atatu, ndinayamba kusintha gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi tsiku ndi tsiku ndi madzi ochotsedwa klorini, ndipo ndinkayeza m'mawa uliwonse. Amoniya anayamba kutsika, naitiraiti anakwera kaye asanatsike, monga zimachitikira sefa ikamayambiranso, ndipo patapita pafupifupi mwezi zonse ziwiri zinafika pa 0. Kuda kwa nsombayo kunachedwa kuchoka kuposa pamenepo, koma kunazimiririka kokha.

Za tiana tija ndi nsomba yaikulu ija bokosi silinanene kanthu, ndipo silikanatha kunena, chifukwa sizinali kudwala. Goldfish, imene akatswiri amaitcha Carassius auratus, inawetedwa ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo kuchokera ku nsomba yamtundu wodera wa m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo tiana take timaswa ndi mtundu wa makolo akewo, umene umatibisa kwa adani. Mtundu wachikasu kapena wofiirira umabwera pakapita miyezi, nthawi zina chaka kapena kuposerapo, ndipo pali zina zimene zimakhala zodera moyo wonse. Pakati pa kusinthako nsomba imaoneka yamawangamawanga, yakuda kumsana ndi yowala kumimba, moti munthu wosadziwa akhoza kuganiza kuti ikuwola. Mtundu wakuda ndi umene sukhalitsa kwenikweni pa goldfish: ngakhale ya mtundu wa black moor, imene imakhala yakuda thupi lonse, ikhoza kusanduka yofiirira ikamakula, makamaka m'madzi ofunda. Kuyera kwa nsomba yokalamba nakonso n'kofala ndipo kumatsata mtundu wobadwa nawo. Kufiira kumadaliranso chakudya, popeza nsomba siipanga yokha utoto wa carotenoid koma imaupeza mu ndere, tinkhanu ndi chakudya chogula chimene mwaikidwa zinthu ngati ndere ya spirulina, ndiponso kumadalira dzuwa, moti nsomba ya m'dziwe lamthunzi wambiri imafuwa. Nsomba ikamasintha mtundu koma ikudya bwino, ikusambira ndi zinzake, zipsepse zili zotambasuka ndiponso khungu lili losalala, ine sindidanso nkhawa.

Tsopano zofooka za bokosili, zimene si zochepa. Choyamba ndi khadi la mitundu. Kusiyanitsa 0 ndi 0.25 pa amoniya n'kovuta, chifukwa chikasu ndi kubiriwira pang'ono zimafanana kwambiri, ndipo pansi pa babu lamagetsi ndinkaona zimene mtima wanga unkafuna kuona. Ndinaphunzira kufanizira panja, pamthunzi, chubu chitagunda mbali yoyera ya khadi, komanso kuyeza madzi a m'botolo odziwika kuti alibe amoniya n'kuika machubu awiriwo pafupi. Munthu amene maso ake savutika kusiyanitsa mitundu akhoza kuzolowera, koma amene amavutika afunika mnzake womuthandiza. Zotsekera za machubu nazo zimadontha pokhutchumula, ndipo popeza mankhwala ena a m'timabotolomo amawotcha khungu, ndi bwino kusatseka ndi chala ndiponso kusamba m'manja pomaliza. Chubu chimodzi chinasweka mlungu wachiwiri chitagubuduka pamwala.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimandidandaulitsa kwambiri, nambala ya amoniya imene khadi limapereka ndi ya amoniya yense, pamene gawo limene limapweteka nsomba limadalira pH ndi kutentha kwa madzi. Pa madigiri 25, madzi a pH 7 amakhala ndi gawo loopsalo losakwana 1 peresenti, pa pH 8 limafika pafupifupi 5 peresenti, ndipo pa pH 9 limapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Zikutanthauza kuti 0.5 yemweyo akhoza kukhala wopiririka m'dziwe lina koma wakupha m'dziwe lina. Vutoli limakula chifukwa pH ya m'dziwe lokhala ndi ndere ndi zomera siikhala malo amodzi: imatsika usiku mpaka mbandakucha, n'kukwera masana zomera zikamayamwa kaboni dayokisaidi. Amene amayeza m'mawa mokha saona nthawi imene nsomba zake zimavutika kwambiri. Nambala ziwirizi ziyenera kuwerengedwa pamodzi, ndipo ndikanakonda wogula akanauzidwa zimenezi patsamba loyamba ndi zilembo zazikulu.

Chachitatu ndi kusankha kwa zoyezedwa. Kuyeza fosifeti, amene amadyetsa ndere, kumathandiza munthu amene akulimbana ndi madzi obiriwira, koma pa nkhani ya thanzi la nsomba ndikanasankha naitireti, amene amasonyeza ngati madzi akusinthidwa mokwanira, ndiponso KH, imene imasonyeza mphamvu ya madzi yoletsa pH kugwa mwadzidzidzi. Mvula yambiri imasungunula madzi a m'dziwe n'kutsitsa KH, ndipo mabakiteriya a m'sefa nawo amaidya akamagwira ntchito. Ndinachita kugula zoyezera ziwirizi padera, ndipo botolo la fosifeti likadali lodzaza.

Pali malire ena amene sindingaimbe nawo mlandu bokosili, koma wogula ayenera kuwadziwa. Madzi akhoza kuyezedwa n'kupezeka abwino pamene nsomba ikudwaladi. Timadontho toyera tonga mchere tomwazika pathupi ndi pazipsepse ndi tizilombo totchedwa Ichthyophthirius multifiliis. Chinthu chonga thonje chomera pachilonda kawirikawiri chimakhala nkhungu ya Saprolegnia. Khungu lotuwa ngati lakutidwa ndi utsi, nsomba n'kumadzikhula pamiyala, limaloza ku tizilombo ta pakhungu timene timaoneka ndi maikulosikopu mokha. Mizere yamagazi m'zipsepse ndi zilonda zofiira zotseguka zimayenderana ndi mabakiteriya monga Aeromonas. Makha osanduka ofiirira moderako ngati chokoleti, nsomba n'kumapuma movutikira pamwamba, ndi chizindikiro cha naitiraiti amene walowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya, ndipo chimenechi chokha pa zonsezi bokosi limatha kuchitsimikiza. Zinazo zimafuna maso, ndipo zikakula zimafuna dokotala wa ziweto wodziwa za nsomba. Ine ndinanyengekapo kamodzi nditaona timatuza toyera pa nsomba ziwiri madzi atayamba kufunda. Madzi anali abwino, ndipo nditaonetsetsa ndinapeza kuti timatuzato tinali pa zophimba makha ndi kutsogolo kwa zipsepse za pachifuwa pokha, tondandalikana bwinobwino, chimene ndi chizindikiro cha nsomba zamphongo zokonzeka kuswana.

Poyerekeza ndi timapepala toviika, timene ndinagwiritsapo ntchito kale, madontho amachedwa koma ndimawakhulupirira kwambiri, makamaka chifukwa timapepala timawonongeka msanga chinyezi chikalowa m'kabotolo, ndipo tambiri ta zoyeza zingapo pakamodzi tilibe amoniya, yemwe ndiye woyamba kumufufuza nsomba zikayamba kuoneka zachilendo. Kwa amene ali ndi dziwe latsopano, amene wangotsuka sefa, amene wawonjezera nsomba kapena amene waona mawanga akuda osadziwika chiyambi, ndikulimbikitsa bokosi la mtundu umenewu, bola aligule pamodzi ndi zoyezera naitireti ndi KH. Ayang'anenso tsiku lothera mphamvu pa kabotolo kalikonse asanagule, ndipo alisunge m'nyumba pamalo ozizira, osati pambali pa dziwe padzuwa. Panopa ndimayeza kamodzi pa mlungu nyengo yotentha ndi kamodzi pa mwezi nyengo yozizira, n'kulemba manambala m'kope pamodzi ndi ola limene ndayeza, ndipo masiponji ndimawatsuka theka lokha pa nthawi imodzi, m'ndowa ya madzi otunga m'dziwe momwemo.