Foni yanga yalowa chaka chachiwiri ku Ngabu, ndipo sindikuisintha

Foni imene ndikunena pano ndi ya Android, yapakatikati pa mtengo: RAM (memori yoyendetsera mapulogalamu) 4GB, malo osungira zinthu 64GB, batire ya 5,000mAh. Ndinaigula yatsopano ku Limbe. Dzina la kampani silofunika, chifukwa mafoni a msinkhu umenewu amasiyana pang'ono chabe, kaya pabokosi palembedwa chiyani. Ine ndimagula chitowe ndi thonje kwa alimi, choncho foniyi siyogonera patebulo. Imayenda nane pa njinga yamoto m'midzi, imalipira alimi pa Airtel Money ndi Mpamba, imajambula sikelo pakabuka mkangano wa makilo. Anzanga amene tinagula nyengo imodzi asinthasintha kale, ndipo amandifunsa kuti, “Achimwene, mudakali ndi yomweija?” Eya, ndidakali nayo.

Chimene chakalamba pa foniyi ndi batire basi, ndipo chaikalambitsa ndi dzuwa la kuchigwa kuno. A Apple, omwe mafoni awo ndi odula zedi, amachenjeza kuti kutentha kopyola madigiri 35 kumaononga batire osabwereranso mwakale. Tsono ganizani Ngabu kapena Bangula mu Okutobala ndi Novembala, pamene madigiri 40 si nkhani yoti munthu nkudabwa nayo. Foni ili m'thumba la buluku, mkati mwa kava yakuda ya labala, kenako masana aitchaja m'kanyumba ka malata mwini wake akuonera mavidiyo. Kutchaja pakokha kumatenthetsa batire, vidiyo ikuonjezera, denga likuonjezera. Batire yotero ikayamba kutha msanga, munthu amati foni yatha ntchito, nkuyamba kuloza yatsopano.

Yanga inayamba kufooka itadutsa chilimwe chachiwiri. Poyamba inkafika usiku, kenako inkapempha chaja dzuwa lisanapendeke. Mnyamata wina wokonza mafoni pa Nchalo anaitsegula nkuikamo batire ina, ndipo ndalama yake sinafike pa mtengo wa mbuzi imodzi ya pamsika wa Ngabu, pamene foni yatsopano yofanana nayo ikanadya mbuzi zingapo. Kuyambira pamenepo ndimatchaja usiku kapena m'bandakucha, kava nditavula, foni ili pasimenti. Batire ikatupa mpaka kukankha chivundikiro chakumbuyo, musaisungenso, ichotsedwe tsiku lomwelo, chifukwa imatha kuyaka.

Nkhani ya chaja imayenderana ndi imeneyi. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130, ndipo ambiri tinazolowera kutchajitsa kwa a sola ndi a jenereta. Chizolowezicho chilipobe. Kumeneko foni yako imalumikizidwa ku chingwe chilichonse chimene chili pafupi. Ine ndimanyamula chaja changa chimene chinabwera ndi foni, ndipo sindibwereketsa, olo munthu andinene kuuma mtima.

Fumbi nalo linandiopsezapo. Foni inasiya kugwira chingwe, mpaka uchite kuchipinda mwakutimwakuti. Linali dothi la mumsewu litadzadza pabowo lotchajira. Kamtengo kotokosera m'mano, foni itazimitsidwa, ntchito inatha.

Chodandaula china chofala ndi chakuti foni yayamba kuchedwa. Yanganso inachedwapo, koma nditayang'ana ndinapeza kuti WhatsApp yokha yameza gawo lalikulu la 64GB ija. Gulu la kumpingo, gulu la kumudzi, la ogula mbewu, la amene tinaphunzira limodzi, ndipo vidiyo imodzi yomweyo ya mlaliki imafika m'magulu onsewo. Foni ikadzadza mpaka pakhosi imalephera kupuma. Ndinatseka zoti zithunzi ndi mavidiyo zizitsika zokha, ndinaika memori khadi ya nyimbo ndi zithunzi, ndinachotsa Facebook yaikulu nkuika Facebook Lite. Bandulo nayonso inayamba kukhalitsa.

Sindikunena kuti foniyi ilibe pofooka. Kamera yake usiku ndi yachabechabe, pa chinkhoswe kapena pa siwa nkhope zimatuluka ngati zithunzithunzi. Galasi lotchinjiriza sikirini ndasinthapo. RAM ya 4GB imakwana, koma ukatsegula mapu, WhatsApp ndi msakatuli nthawi imodzi imayamba kukokakoka. Zimenezi zinalipo kuyambira tsiku logula, si ukalamba.

Nanga yatsopano ingandipatse chiyani? Chaka chilichonse Tecno, itel, Infinix ndi Samsung amatulutsa mtundu wina, nambala yakwera, makamera kumbuyo akonzedwa mwina. Koma netiweki imachokera pansanja. Kumene mafunde ndi ofooka, monga m'midzi ina ya kutsidya kwa Shire, foni yolembedwa 5G pabokosi imasakasaka mafunde pamwamba pa chulu limodzi ndi yanga. Mpamba ndi Airtel Money zimayenda ngakhale pa foni ya mabatani. Ndipo mafoni onse amalowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja: kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'mashopu inakwera osatsikanso. Amene amasintha foni chaka ndi chaka amagulitsa yakale motchipa nkugula yatsopano pa mtengo wokwera, kutaya mbali zonse.

Zifukwa zenizeni zosinthira zilipo, ndipo chachikulu sichioneka ndi maso. Foni imafika poti kampani yasiya kuitumizira zokonza zachitetezo, kenako mapulogalamu amayamba kuikana. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni a Android 4.4, ndipo amene anali nawo sakanachitira mwina. Kwa munthu wosunga ndalama za bizinesi m'foni, zachitetezozo si zoseweretsa. Apa makampani amasiyana kwambiri. Google inalonjeza zaka 7 pa Pixel 8 mu 2023, Samsung zaka 7 pa Galaxy S24 mu 2024, ndi zaka 6 pa Galaxy A16 imene mtengo wake ndi wofikirika. Mafoni ambiri otchipa amapatsidwa zaka zochepa kuposa pamenepa, ndipo wogulitsa sangakuuzeni mukapanda kufunsa.

Chifukwa china ndi madzi. Amene anaoloka madzi a Freddy mu Marichi 2023 foni ili m'thumba akudziwa kuti matope akalowa mkati, dzimbiri limadya bolodi ya m'kati mwa foni pang'onopang'ono, ndipo kukonza kwake kumakhala kongotaya ndalama. Nchifukwa chake nyengo ya mvula yanga imayenda m'kajumbo, ndipo manambala a alimi anga onse ali pa akaunti ya Google, osati pa simukhadi.

Yangayi ikulandirabe zachitetezo, ngakhale zimabwera patalipatali. Zikadzasiya ndidzapita ku Limbe ndi mafunso awiri: foniyi ilandira zokonza kwa zaka zingati, ndipo batire yake imapezeka kwa okonza a pa Nchalo?