Ndemanga yanga pa mayeso a CLEP: ndinapeza makirediti 12 osakhala m'kalasi

Anzanga a kutchalitchi akhala akundifunsa za mayeso a CLEP (College-Level Examination Program, mayeso opezera makirediti a kukoleji osakhala m'kalasi) amene ndakhala ndikulemba, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense amene ali kuno ku America, kapena ali ndi m'bale wake kuno, awerenge yekha. Ndalemba mayesowa kasanu pa maphunziro anayi, kuyambira Ogasiti 2024 mpaka Meyi 2025. Ndinakhoza kanayi, kamodzi ndinalephera. Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4, ndipo ndifotokoza kumene yachisanuyo yatsakamira.

Ndisanabwere ku Texas mu 2021 ndinagwira ntchito zaka 9 pa sitolo ina yaikulu yogulitsa katundu wapikupiku ku Limbe. Mabuku a ndalama onse anali m'manja mwanga: ma invoice, ngongole za makasitomala, kuwerenga sitoko kumapeto kwa mwezi, kuyanjanitsa buku lathu ndi sitetimenti ya kubanki. Koma pepala limene ndinali nalo ndi la MSCE basi. Nditafika kuno ndinayamba ntchito yosamalira okalamba, shifiti yausiku, ndipo nditalembetsa ku koleji ya m'dera lathu anandiuza kuti ndiyambire pansi penipeni ngati mwana amene wangochoka kumene kusekondale. Zinandiwawa, osati chifukwa chodzimva, koma chifukwa cha nthawi. Digiri ya zaka ziwiri kuno imafuna makirediti 60 (makirediti ndi mapointi amene umapatsidwa ukamaliza phunziro), phunziro limodzi nthawi zambiri ndi makirediti 3, ndipo limatenga semesita yonse, pafupifupi masabata 16. Munthu wa zaka 38 wokhala ndi ana awiri ndi makolo kumudzi oyembekezera thandizo, masabata 16 ophunzira zinthu zimene akuzidziwa kale ndi katundu wolemera.

Amene anandiuza za CLEP ndi mayi wina wa ku Ghana amene timagwira naye ntchito. Mayesowa amayendetsa ndi a College Board, omwe aja a SAT, mayeso olowera kukoleji kuno, ndipo CLEP inayamba mu 1967. Ganizo lake ndi losavuta: ngati phunziro ukulidziwa kale, kaya unaliphunzira kuntchito, kwanu kumene unachokera kapena powerenga wekha, lemba mayeso amodzi, ukakhoza koleji ikupatse makirediti ngati unakhala m'kalasi. Alipo mayeso 34, ndipo makoleji pafupifupi 2,900 amawalandira. Malikisi ake amayambira pa 20 kulekeza 80. Bungwe la American Council on Education limalangiza kuti amene wapeza 50 apatsidwe makirediti, koma koleji iliyonse ili ndi ufulu woika mlingo wakewake. Mawu amenewa muwasunge, tibwereranso.

Za ndalama, kumapeto kwa 2024 mayeso amodzi anali madola 95, ndipo malo olembera amalipitsanso yawo yapadera. Kumene ndinkalembera ine anali madola 25. Koma pa maulendo asanu aja, 95 ija ndinatulutsa m'thumba kamodzi kokha. Pali bungwe lotchedwa Modern States limene limaphunzitsa maphunziro a CLEP pa intaneti mwaulere, ndipo ukamaliza kosi yawo ndi kuyankha bwino mafunso awo amakupatsa vocha yolipirira mayeso. Poyamba sindinakhulupirire, ndinkaganiza kuti pali pamene adzandipemphe nambala ya khadi la kubanki. Sanandipemphe. Mavidiyo awo ndi afupiafupi, ndipo ambiri ndinkaonera pa foni cha m'ma 3 koloko usiku, agogo onse atagona, nditakhala pa mpando wa pakhonde la wodi ndi kabuku kanga pabondo. Ndinene chilungamo: mavidiyowo okha sakwanira pa phunziro limene ndi lachilendo kwa iwe. Amakukumbutsa, koma kuti zikhazikike m'mutu pamafunika buku ndi mafunso oyeserera ambiri. Mabuku ndinkabwereka ku laibulale ya mzinda, ulere.

Tsiku loyamba ndinapita ndikunjenjemera ngati ndikukalemba a MANEB. Umatenga chiphaso chokhala ndi chithunzi ndi tikiti yolembetsera yosindikiza papepala. Foni, wotchi, chikwama, zonse amakutsekera m'kabokosi, nakupatsa pepala lowerengera ndi pensulo, kenako kukukhazika pa kompyuta. Mayeso ambiri ndi a mphindi 90, osankha yankho, ndipo ukaphonya sakuchotsera malikisi, choncho usasiye funso lopanda yankho. Chimene chinandigunda pamtima ndi cha kumapeto. Ukamaliza, kompyuta imakufunsa ngati ukufuna zotsatira zako zisungidwe kapena zifafanizidwe, ndipo imafunsa usanaone malikisi. Ndinakhala kaye chala chili pa mausi, thukuta m'manja. Nditadina, nambala inatuluka pomwepo: 61. Ife amene tinazolowera kudikira miyezi kuti mayina atuluke, kuona zotsatira usanadzuke pampando ndi chinthu chodabwitsa. Ndinakakhala m'galimoto n'kuimbira mayi a ana anga mawu akunjenjemerabe.

Amenewo anali a College Algebra, mafunso pafupifupi 60. Amene munalimbikira masamu a Fomu 3 ndi Fomu 4 musaope: ma quadratic, ma logarithm, ma graph, zambiri ndi zomwe zija. Ndinakonzekera masabata asanu. Chokhacho, kakyuleta yake ndi ya pakompyuta pomwepo, ndiye muiyeserere musanapite kuti isakudyereni nthawi.

Amene ndinkawadalira kwambiri, a Financial Accounting, ndi amene anandiphunzitsa kanthu. Ndinkati ntchito imeneyi ndaigwira zaka 9, ndingalowe ngakhale mawa. Nditayesa mafunso oyeserera ndinapeza kuti nzeru ndili nazo koma chilankhulo ndi china. Amene ife timati ma debtors, kuno ndi accounts receivable. Ma creditors ndi accounts payable. Sitoko ndi inventory. Profit and loss yathu ija ndi income statement. Ndiye pali njira yowerengera mtengo wa katundu yotchedwa LIFO, yoti katundu amene wabwera pomaliza ndiye amawerengedwa kuti wagulitsidwa poyamba. Malamulo a kalembedwe ka mabuku a ndalama otchedwa IFRS, amene amagwira ntchito kwathu, salola njira imeneyi, koma kuno ndi yololedwa ndipo imafunsidwa. Panalinso za ma bond ndi masheya a kampani, zinthu zimene pasitolo ya ku Limbe sitinkakumana nazo. Komabe, pamene funso linafika pa kuyanjanitsa buku ndi sitetimenti ya kubanki, macheke amene sanalowe, ndalama zimene banki yadula, manja anga ankadziwa okha chochita. Ndinaona ngati ndabwerera pa desiki yanga ija ya pafupi ndi zenera, magalimoto a katundu akulira panja. Ndinapeza 66. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuno, zaka 9 zija zinawerengedwa ndi munthu wina osati ine ndekha, ndipo chifukwa cha ichi chokha mayesowa ndimawalemekeza.

A Principles of Macroeconomics sindichulukitsa. Mmalawi aliyense amene anaona kwacha ikugwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, safunika kumufotokozera kuti kukwera mitengo kwa zinthu n'chiyani. Chimene ndinafunika kuphunzira ndi ma graph ake ndi mmene Federal Reserve, banki yaikulu ya dziko lino, imakwezera kapena kutsitsira chiwongoladzanja. Ndinapeza 57.

Kugwa kwanga kunali pa American Government, ndipo vuto linali langa. Ndinkaonera nkhani pa TV tsiku lililonse nthawi ya chisankho cha 2024, ndiye ndinadziuza kuti boma la kuno ndalidziwa. Ndinawerenga masabata awiri okha. Mafunso anali pafupifupi 100 m'mphindi 90, kutanthauza kuti funso lililonse silikwana mphindi imodzi, ndipo sankafunsa za amene akukangana pa TV. Ankafunsa za mmene bilu imayendera m'makomiti, mphamvu zimene zili ndi boma lalikulu ndi zimene zili ndi ma state, milandu yakale ya ku Supreme Court, kusiyana kwa Senate ya anthu 100 ndi House ya anthu 435. Ife kwathu Nyumba ya Malamulo ndi imodzi, ndiye za nyumba ziwiri zokokanakokana zinkandisokoneza. Nambala inatuluka 46. Lamulo lake ndi loti ukalephera udikire miyezi itatu usanabwereze phunziro lomwelo, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinalipira ndekha. Miyezi itatuyo ndinaigwiritsa ntchito. Mlandu wa Marbury v. Madison wa mu 1803, umene unakhazikitsa kuti khoti lingathe kukana lamulo losemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndinaumvetsa nditakumbukira 3 Febuluwale 2020, tsiku limene tonse kusitolo tinaunjikana pa wailesi kumvera majaji asanu akufafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Nkhani zake ndi zosiyana, koma mtima wake ndi umodzi: khoti kuuza akuluakulu a boma kuti apa mwadumpha malire. Nditagwira pamenepo, milandu inayo inayamba kulowa. Ndinabwereza mu Meyi 2025 n'kupeza 58.

Tsopano nyenyezi yosowa ija. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, kungoti ndinafunsa pakamwa ndiponso malo amodzi okha. Mlangizi wa ku koleji yanga anandiuza kuti maphunziro anayi onse alowa popanda vuto, ndipo analowadi, makirediti 12 ali pa thiransikiripiti yanga. Vuto linabuka nditayamba kufufuza za yunivesite imene ndikufuna kukamalizira digiri ya zaka zinayi. Kumeneko anandiuza kuti Algebra, Macroeconomics ndi Government alandira, koma kwa munthu amene akufuna digiri ya accounting, phunziro loyamba la accounting ayenera kulikhalira m'kalasi. Ndiye mayeso amene ndinakhoza bwino kuposa onse, amene ndinkawanyadira, ndi amene ndidzabwereze. Usiku umenewo tulo sindinatione. Sindikunena kuti ndinanamizidwa, mlangizi uja ankanena za koleji yake, ndipo ananena zoona. Koma palibe amene anandichenjeza kuti pepala lomwelo lingakhale ndalama pakhomo lina n'kukhala chikalata wamba pakhomo loyandikana nalo. Ndiye m'bale wanga, musanalipire ngakhale dola imodzi, lembani imelo ku ofesi ya registrar ya koleji yanu komanso ya yunivesite imene mukulinga kupitako. Tchulani dzina la mayeso, tchulani digiri imene mukufuna, funsani malikisi amene amafuna ndi phunziro limene mayesowo alowe m'malo mwake. Yankho lake musunge.

Pali tina ting'onoting'ono toti mudziwe. Ku koleji yanga makirediti a CLEP amalembedwa kuti wakhoza basi, popanda A kapena B, choncho GPA, avareji ya magiredi anu, sakweza ndiponso satsitsa. Kwa ine zinali bwino, koma amene mukulimbirana malo a unamwino, kumene amasankha poona magiredi, ganizirani kawiri. Komanso Anatomy and Physiology imene anamwino amafuna ilibe mayeso a CLEP. Simungatenge digiri yonse ndi mayeso okhaokha, chifukwa makoleji a chigawo chino amafuna kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a makirediti ulipeze pophunzira kwa iwo, ndiye pa 60 paja 15 ndi a m'kalasi mwawo. Kuno ku Texas makoleji a boma amafunanso phunziro la boma la Texas, limene CLEP ilibe. Amene mumalankhula Chifalansa, monga abale athu a ku Congo, muli ndi mwayi waukulu, chifukwa mayeso amodzi a chilankhulo angakupatseni makirediti 6 kapena kuposerapo. Zilankhulo zake ndi Chifalansa, Chijeremani ndi Chisipanishi. Chipwitikizi palibe, ndiye abale a ku Tete ndi ku Angónia njira imeneyo ndi yotseka. Zotsatira amazisunga zaka 20, choncho mungathe kulemba pano ngakhale sukulu mudzayambe mtsogolo.

China chimene sindinachiyembekezere ndi liwiro lowerengera Chingerezi. Ambirife Chingerezi timachidziwa bwino, koma tinazolowera kuwerenga funso kawiri katatu modekha. Apa nthawi siyilola. Chimene chinandithandiza ndi kuyeserera ndi wotchi patebulo, mphindi 90 zenizeni, foni itazimitsidwa, ana atagona.

Mayesowa ndingawalimbikitse kwa munthu wamkulu amene anagwirapo ntchito, kapena amene anakhoza bwino MSCE ndipo mutu ukadali wakuthwa, makamaka pa maphunziro oyambirira amene aliyense amakakamizidwa kutenga. Kwa mwana amene sanaphunzirepo chinthucho, ndipo chidzakhala maziko a ntchito yake, ndingakonde akhale m'kalasi. Kwa ine makirediti 12 ndi semesita yathunthu imene sindinalipire fizi, sindinagule mabuku, ndiponso sindinasiye shifiti ngakhale imodzi. Ndalama imene ikanapita kumeneko inagula malata a nyumba ya amayi ku Thyolo. Panopa ndikuwerengera a Principles of Management, ndipo ulendo uno imelo ya ku yunivesite ija, yonena kuti awalandira ndikapeza 50, ndinaisindikiza n'kuimata pa chitseko cha furiji.