Dikishonale ya Oxford Advanced Learner's: phindu lake lili pa mawu aafupi

Ophunzira ambiri amatsegula dikishonale pokhapokha akakumana ndi mawu aatali achilendo, chonsecho mawu amene amawagwetsa pa mayeso a Chingerezi a MSCE ndi aafupi, omwe aliyense amadziona ngati anawadziwa kale ku pulayimale. Mawu oti "run" mwana amawaphunzira monga kuthamanga, koma mawu omwewo amanenanso kuyendetsa bizinesi, kupikisana nawo pa chisankho ngakhalenso kuchucha kwa mamina munthu akadwala chimfine. Nawo mawu oti "fine" tsiku lina amatanthauza kuti munthu ali bwino, tsiku lina ndi chindapusa cha kukhoti.

Apa ndi pamene dikishonaleyi imaposa zinzake zambiri zogulitsidwa m'mashopu a mabuku. Anayiyambitsa ndi A. S. Hornby, mphunzitsi wa ku Britain amene ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan, ndipo a Oxford University Press anayisindikiza mu 1948. Kope lachikhumi linatuluka mu 2020. Popeza inalembedwera anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, mawu okhala ndi matanthauzo ambiri amagawidwa ndi timitu tating'ono tosonyeza nkhani yomwe tanthauzo lililonse likukhudza, kotero wowerenga sachita kuwerenga tsamba lonse kuti apeze chomwe akufuna. Tanthauzo lililonse limatsatiridwa ndi ziganizo zachitsanzo, ndipo ine ndimaona kuti ziganizozi n'zimene zimaphunzitsa kuposa tanthauzo lenilenilo, chifukwa zimaonetsa mawu amene amayendera limodzi. Aneni ophatikizana ndi timawu tina, monga "give up" kapena "run out", ali ndi malo awoawo kumapeto kwa mawu aliwonse, ndipo mphunzitsi aliyense akudziwa mmene timawuti timazunzira ana.

Zofooka zilipo. Zonse zimafotokozedwa m'Chingerezi chokhachokha, ndiye wophunzira wa Fomu 1 amene chiyankhulochi sichinamukhazikike adzafunikabe dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi pambali pake. Zilembo zake n'zazing'ono kwambiri, bukulo n'lolemera, ndipo zitsanzo zina zimakamba za moyo wa ku Britain womwe mwana wa ku Ntchisi sanauonepo. Kwa amene sangakwanitse mtengo wa bukuli, matanthauzo ndi katchulidwe ka mawu zimapezeka kwaulere pa intaneti, patsamba la Oxford Learner's Dictionaries, bola foni ikhale ndi bandulo.